Tinyali toyenda pamzere kumwamba kwa Joni: kodi ndi zida za asilikali?

Funso: "Ndine wa ku Mangochi, ndimagwira ntchito ya ulonda usiku ku Kempton Park kuno ku Joni. Tsiku lina m'bandakucha ndinaona tinyali tambiri tikuyenda pamzere umodzi kumwamba, popanda phokoso. Ndege ndimazidziwa chifukwa bwalo la OR Tambo lili pafupi, koma izi sizinali ndege. Mnzanga amene ndimakhala naye akuti ndi zida zachinsinsi za asilikali a ku America, ndiponso akuti zida zomwezo ndi zimene zinabweretsa namondwe wa Freddy kwathu. Kodi n'zoona kuti kumwambaku kuli zida zobisika? Nanga zimationa?"

Achimwene, ndiyambe ndi tinyalito kuti mtima ukhale m'malo. Malinga ndi momwe mwafotokozera, amenewo ndi masetilaiti a Starlink, a kampani ya SpaceX ya Elon Musk, yemwe anabadwira ku Pretoria konkuno. Kampaniyi imakweza masetilaiti ambiri pa roketi imodzi, ndipo masiku oyamba amayenda mondondozana ngati linthumbu, kenako amabalalika, iliyonse kupita pamalo pake. Nyali alibe. Chimene munaona ndi dzuwa. Pansi pano kunali kukadali mdima koma iwo ali kumtunda kwambiri moti dzuwa linali litawafika kale, monga momwe nsonga ya phiri imayambira kuwala kumunsi anthu akadali m'tulo. Ntchito yawo ndi intaneti, yomwe ija inafika kwathu mu 2023.

Koma mnzanuyo musamuseke. Utsi sufuka popanda moto. Ntchito zachinsinsi za asilikali mumlengalenga zilipodi, zinayamba kale, ndipo zina zinachitikira m'dziko lomwe tikukhalali, pamtunda woti mukhoza kupita ndi kubwerako tsiku limodzi. Pamene ndikusiyana naye ndi apa: kumwamba ndi malo ovuta kwambiri kubisako chinthu. Boma likhoza kubisa chimene chili m'kati mwa chombo, ntchito yake ndi ndalama zimene zinalowapo. Koma kuti chombocho chilipo, silingabise.

Chifukwa chake ndi liwiro. Setilaiti siyandama ngati bwato pa nyanja ya Malombe. Imathamanga, ndipo ikasiya kuthamanga imagwa. Pa makilomita 400 kuchokera pansi, iyenera kuyenda makilomita pafupifupi 28,000 pa ola, ndipo imazungulira dziko lonse m'mphindi 90. Ulendo wa Joni mpaka Blantyre, umene basi imatithyola nawo msana kudzera pa Beitbridge, Nyamapanda ndi Mwanza, iyo imaudutsa m'mphindi 3. Kuti chitsulo chifike pa liwiro lotere pamafunika roketi, ndipo roketi ndi chimoto choti sichinyamuka mwakabisira. Pali masetilaiti ena omwe ntchito yawo ndi kungoyang'ana kutentha kotereku usana ndi usiku. Ndiye chitsulocho chikalowa m'njira yake chimamvera masamu basi. Munthu wodziwa kuwerengera akachiona kawiri katatu amatha kukuuzani kuti mawa chidutsa pati, nthawi yanji.

Taonani kandege ka asilikali a America kotchedwa X-37B. Kalibe woyendetsa, n'kotalika mamita pafupifupi 9, kamakwera pansonga pa roketi ndipo pobwera kamatera pabwalo ngati ndege ina iliyonse. Malo ake onyamulira katundu ndi ofanana ndi kumbuyo kwa bakkie. Kanauluka koyamba mu Epulo 2010 ndipo eni ake sananene njira yake. Patangopita milungu yochepa, anthu wamba okonda kuyang'ana kumwamba a m'mayiko angapo, mmodzi wa iwo ku Cape Town, anali atakapeza ndi makamera awo n'kulengeza njira yake kwa aliyense. Ulendo wina kanakhala kumwamba masiku 908 n'kudzatera mu Novembala 2022. Zina zimene kamanyamula amalengeza, monga mbewu zimene a NASA, bungwe la America loona za mumlengalenga, ankafuna kuona kuti zipirira bwanji kumeneko, zina sanena. China nayo ili ndi kake kofanana nako kuyambira 2020. Chinsinsi cha masiku ano chimaoneka chonchi: tonse tikukaona kakudutsa, koma m'mimba mwake timangoganizira.

Ndipo m'mimba mwa zombo zambiri zachinsinsi, zikadzaululika, mumapezeka maso ndi makutu. Mu Meyi 1960 a Soviet Union anagwetsa ndege ya akazitape ya America yotchedwa U-2, ndiye Amereka anafulumizitsa njira ina yojambulira adani awo imene anali atayamba kale kuiyesa. Anthu anauzidwa kuti masetilaiti otchedwa Discoverer ndi a sayansi. Dzina lake lenileni linali CORONA, ndipo ankanyamula kamera. Nthawi imeneyo kunalibe njira yotumizira chithunzi chabwino pa wailesi, choncho kamerayo inkajambula pa filimu, filimuyo n'kuiponya pansi m'kachidebe kokhala ndi parachuti, ndege n'kukawakha kachidebeko m'malere ndi mbedza kufupi ndi Hawaii. Maulendo 12 oyambirira onse analephera. Mu Ogasiti 1960 zinatheka, ndipo kachidebe kamodziko kanabweretsa zithunzi za dera lalikulu la Soviet Union kuposa maulendo onse a U-2 kuphatikiza pamodzi. Ofesi yoyang'anira ntchitoyi, National Reconnaissance Office, inakhazikitsidwa mu 1961, koma boma linadzavomera kuti ofesiyo ilipo mu 1992. Zaka 31 anthu akupita kuntchito ku ofesi yoti pamapepala kulibe. Zithunzi za CORONA zoposa 800,000 zinatulutsidwa poyera mu 1995.

Tsono ku funso lanu loti kodi zimationa. Mu 2012 ofesi yomweyo inapatsa NASA makina awiri oonera kutali omwe inalibe nawo ntchito, ndipo galasi la lililonse linali lalikulu mamita 2.4, lofanana ndi la Hubble, makina otchuka a NASA oonera nyenyezi kuchokera mumlengalenga. Apa anthu anadziwa kukula kwa diso lawo. Mu Ogasiti 2019 Donald Trump anaika pa Twitter chithunzi cha malo onyamukirapo maroketi ku Iran, ndipo akatswiri poyang'ana mithunzi anazindikira setilaiti imene inajambula. Diso lotere limasiyanitsa zinthu zazikulu masentimita pafupifupi 10. Lingaone galimoto n'kudziwa mtundu wake, lingaone kuti pageti paima munthu. Nkhope yanu silingaizindikire, ndipo zoti limawerenga nyuzipepala ili m'manja mwa munthu ndi nthano. Mtambo ukaphimba siliona, kupatula masetilaiti a radar, ndipo pamwamba panu limangodutsa mphindi zochepa. Makina odula chonchi sawawonongera pa mlonda wa ku Kempton Park. Kunena zoona, chimene chimadziwa mayendedwe anu ndi foni imene ili m'thumba mwanumo. Ndipo kadontho kabuluu kamene kamatsogolera abale athu oyendetsa Uber ndi operekera zakudya panjinga zamoto kamadalira GPS, masetilaiti a asilikali a America omwe ali pa makilomita pafupifupi 20,000. Chida cha asilikali chimene chimatikhudza tsiku lililonse ndi chimenecho, ndipo timachigwiritsa ntchito ulere.

Tibwere kuno kwa eni dziko. Mu 1977 boma la tsankho, nduna yaikulu ali John Vorster, linali litakumba zitsime ziwiri zakuya kwambiri ku Vastrap, m'chipululu cha Kalahari kumpoto kwa Upington, zoti liyeseremo bomba la nyukiliya. Anasankha malo opanda anthu poganiza kuti palibe angaone. Setilaiti ya Soviet Union inadutsa n'kujambula. Ngakhale kuti inali nthawi ya udani waukulu, Moscow inauza Washington mu Ogasiti chaka chomwecho, Amereka anatumiza diso lawo n'kutsimikiza, mayiko anaopseza Pretoria, ndipo kuyesako kunalephereka. Akuluakulu anati khoswe wa patsindwi adaulula wa padzala. Ine sindinaonepo nkhani imene mwambiwu umaikwana ngati imeneyi.

Mabombawo sanaleke kupanga. Zopangira zake zinkachokera ku Pelindaba, kufupi ndi damu la Hartbeespoort, komwe anthu a ku Joni amapita kukawotcha nyama Loweruka. Pa 24 Malichi 1993 pulezidenti F.W. de Klerk anaima m'nyumba ya malamulo n'kuvomera kuti dziko lino linapanga mabomba 6, lachisanu n'chiwiri lisanathe, ndipo onse anali ataphwasulidwa. Palinso nkhani ya pa 22 Seputembala 1979, pamene setilaiti ya America yotchedwa Vela inaona kuthwanima kawiri kunyanja ya kumwera, chigawo cha zilumba za Prince Edward. Kuthwanima kawiri motero ndi chizindikiro cha bomba la nyukiliya. Akatswiri ambiri amaloza Israel ndi South Africa, komiti ya boma la America inati mwina setilaitiyo inangogundidwa ndi kanthu, ndipo palibe boma limene linavomera.

Bomba lopanda chonyamulira ndi katundu chabe, ndiye panabwera nkhani ya roketi. M'zaka za m'ma 1980, mothandizana ndi Israel, South Africa inayamba kupanga roketi yotchedwa RSA-3, yofanana kwambiri ndi Shavit ya Israel. Ankayesera ku Overberg, kufupi ndi Arniston m'mbali mwa nyanja ku Western Cape, ndipo masetilaiti ankakonzera ku Houwteq, m'mapiri a ku Grabouw. Mu 1989 anaulutsa yoyesera, masetilaiti a America n'kuiona. Pakamwa ankati ndi yokwezera setilaiti yojambula. Zinali zoona, koma theka lake. Roketi imene ingaike setilaiti mumlengalenga ingathenso kuponya bomba ku dziko lakutali. Chimasiyana ndi chimene mwaika pansonga ndi kumene mwalozetsa. N'chifukwa chake mayiko akuluakulu amachita nthumanzi dziko laling'ono likati likufuna roketi ya sayansi. Amereka anakakamiza, ndalama zinavuta, ndipo pofika 1994 ntchitoyo inali itatsekedwa roketiyo isanafike mumlengalenga ngakhale kamodzi. Setilaiti yoyamba ya dziko lino, SUNSAT, inadzapangidwa ndi ophunzira a pa yunivesite ya Stellenbosch n'kukwera pa roketi ya America mu 1999. Khalidwe lobisa silinathere pa tsankho: mu Disembala 2014 Russia inakweza setilaiti ya radar yotchedwa Kondor-E, imene aphungu otsutsa boma ndi nyuzipepala ankati inagulidwa ndi nthambi ya akazitape ya asilikali a South Africa, ndipo m'nyumba ya malamulo munali mafunso ambiri kuposa mayankho.

Pa njira zachilendo zokwezera zinthu kumwamba, munthu amene nkhani yake imandigwira mtima ndi Gerald Bull wa ku Canada. Iyeyu ankati roketi ndi yodula popanda chifukwa, pakuti imanyamula mafuta ambirimbiri kuti ingonyamula mafuta ena. Bwanji osangowombera setilaitiyo ndi mfuti yaikulu? M'zaka za m'ma 1960, ndi ndalama za Canada ndi asilikali a America, analumikiza mipope ya mizinga ya sitima zankhondo pachilumba cha Barbados, ntchito imene inkatchedwa HARP. Mu 1966, ku Yuma m'chigawo cha Arizona, chipolopolo chake chinakwera makilomita pafupifupi 180. Chinakweradi, koma chinabwereranso, chifukwa vuto si kukwera. Mwala wa legeni ngakhale muuponye mwamphamvu bwanji umabwera pansi. Kuti chinthu chikhale kumwambako chiyenera kuthamanga cham'mbali pa liwiro lija ndatchula, ndipo mfuti yokha singachite zimenezo. Komanso kugunda kwa mfuti kumaphwanya zipangizo zosalimba. Ndalama zitatha mu 1967, Bull anayamba kugulitsa nzeru zake kwa aliyense wolipira. Mmodzi wa makasitomala ake anali boma la tsankho, ndipo mzinga wotchuka wa G5, umene unagwira ntchito pankhondo ya ku Angola, unachokera ku nzeru zake. Mu 1980 anamangidwa ku America chifukwa chophwanya lamulo loletsa kugulitsa zida ku South Africa. Atatuluka anakafika kwa Saddam Hussein, mtsogoleri wa Iraq, yemwe anavomera kulipira chimfuti cha mamita oposa 150, chokhala ndi kamwa la mita imodzi. Pa 22 Malichi 1990 Bull anawomberedwa pakhomo pa nyumba yake ku Brussels, ndipo palibe amene anaweruzidwa pa imfayo. Patapita milungu yochepa a kasitomu ku Britain anagwira zidutswa za mfutiyo zitalembedwa kuti ndi mapaipi a mafuta. Maloto akewo sanafe naye: kampani ya SpinLaunch inayamba mu 2021 ku New Mexico kuyesa makina ozunguza chinthu n'kuchitaya m'mwamba, ngati gulaye wothamangitsira mbalame m'munda wa mpunga.

Ku Zaire, yomwe lero ndi DRC, nako kunachitika zake. Kampani ya ku Germany yotchedwa OTRAG, ya Lutz Kayser, inapatsidwa ndi Mobutu, mtsogoleri wa dzikolo, dera la ku Shaba lokula pafupifupi ngati Malawi yense kuti iziyeserako maroketi otchipa, opangidwa ndi mapaipi ambiri omangidwa pamodzi ngati mtolo wa nsungwi. Yoyamba inauluka mu 1977. Mu 1978 Mobutu anabwera yekha kudzaonerera, roketi n'kukhota pamaso pake kukagwera kuchigwa. Soviet Union ndi mayiko oyandikana nawo ankati Ajeremani akupanga mizinga mobisa, ndipo mu 1979 Mobutu anawathamangitsa, iwo n'kusamukira ku Libya.

Nanga zida zenizeni? Misala yaikulu inachitika poyambirira. Mu Ogasiti ndi Seputembala 1958 asilikali a pamadzi a America anaphulitsa mabomba atatu ang'onoang'ono a nyukiliya kumwamba kwenikweni, akuwaponya kuchokera pa sitima kumwera kwa nyanja ya Atlantic, kunsi chakumadzulo kwa Cape Town. Dziko linadzamva chaka chotsatira kudzera mu New York Times. Pa 9 Julayi 1962 anaphulitsa lalikulu, Starfish Prime, makilomita 400 pamwamba pa Pacific. Ku Hawaii, makilomita oposa 1,000 kuchokera pamenepo, magetsi a m'misewu ena anazima, ndipo m'miyezi yotsatira masetilaiti angapo anafa ndi cheza chake, ena a iwo a Amereka omwewo. Anaphunzira kuti bomba la kumwamba silisankha mwini. Mu 1963 mayiko akuluakulu anasayinirana kuleka kuyesa mabomba mumpweya ndi mumlengalenga, ndipo pangano la 1967 linaletsa kuika zida za nyukiliya m'njira zozungulira dziko. Dziwani kuti panganoli silinaletse zida wamba, ndipo mpata umenewo udakalipo.

A Soviet anaugwiritsa ntchito. Chombo chawo cha Salyut 3 cha mu 1974, chimene ankati n'cha sayansi, chinali cha asilikali, dzina lake lobisika Almaz, ndipo chinali ndi mfuti yotengedwa ku ndege zankhondo. Kuti aloze chinthu ankayenera kutembenuza chombo chonse. Anaiyesa mu Januwale 1975 anthu atachokamo kale. Mu Meyi 1987 anakweza chimphona cha matani 80 chotchedwa Polyus, choyesera zida za kutsogolo poyankha mapulani a zida za mumlengalenga zotchinga mizinga amene pulezidenti wa America Ronald Reagan analengeza mu 1983. Chinatembenuka molakwika, injini zake m'malo mochikankha zinachibweza, n'kugwera mu Pacific.

Mwina mnzanuyo anaonapo pa WhatsApp za mikondo yachitsulo yoti imaponyedwa kuchokera kumwamba. Ganizoli ndi lakale, la m'zaka za m'ma 1950, ndipo limathera papepala chifukwa cha masamu omwe aja. Chinthu chimene chili m'njira yozungulira dziko simungangochisiya kuti chigwe ngati papaya. Mukachisiya chimapitiriza kuyenda pambali panu. Pamafunika injini yochibweza. Ndiye muyambe mwalipira ndalama zankhaninkhani kukweza chitsulo cholemera, mulipirenso kuchitsitsa, pomwe setilaiti yanuyo nthawi zambiri ili kutali ndi malo amene mukufuna, aliyense akudziwa nthawi imene idutse. Mzinga wochokera pansi umafika tsidya lina la dziko m'mphindi pafupifupi 30 pamtengo wochepa. Akuluakulu a asilikali amadziwa kuwerengera ndalama.

Zimene zinayesedwa n'kutheka ndi zida zoyang'ana m'mwamba, zophera masetilaiti. America inachita mu 1985 ndi mzinga woponyedwa kuchokera pa ndege ya F-15, inabwerezanso mu 2008. India inachita mu 2019. Koma imene inaipitsa kwambiri ndi ya China ya mu Januwale 2007, pamene inaphwanya setilaiti yake yakale yoonera nyengo pa makilomita oposa 800, n'kusiya zidutswa zoposa 3,000 zoti radar imaziona, zambiri zikuzungulirabe mpaka lero. Mu Novembala 2021 Russia inaphwanya yake, Cosmos 1408, zidutswa zoposa 1,500, ndipo anthu 7 omwe anali mu International Space Station, chombo chachikulu chozungulira dziko chokhalamo asayansi, awiri a iwo a ku Russia komweko, anathawira m'tizombo tawo tobwererera. Kabawuti kakang'ono kumeneko kamagunda pa liwiro loposa chipolopolo cha mfuti kakhumi. Kwa ine ngozi yeniyeni ya nkhondo ya mumlengalenga ndi imeneyi, ndipo ikanatipweteka ife amene tilibe nawo mbali: zolosera za nyengo, mapu a pafoni, mauthenga a ndege ndi sitima.

Chifukwa cha zinyalalazi, asilikali amakonda njira zopanda phokoso. Amasokoneza mafunde a GPS kuti ndege kapena drone isochere, amathobwa kamera ya setilaiti ndi kuwala kwa laser, amayandikitsa setilaiti yawo pafupi ndi ya mnzawo kuti aisuzumire, kapena amalowa m'makompyuta a pansi. Pa 24 Febuluwale 2022, tsiku limene Russia inalowa mu Ukraine, makina olandirira intaneti a kampani ya Viasat anafa ambirimbiri, mpaka makina opangira magetsi ndi mphepo okwana pafupifupi 5,800 ku Germany anasiya kulumikizana ndi owayang'anira. Kumwamba sikunaphulike kalikonse. Kuyambira Disembala 2019 America ili ndi nthambi yapadera ya asilikali, Space Force, ndipo ntchito yake yambiri ndi ya anthu okhala pa kompyuta.

Za Freddy ndiyankhe mosamala, chifukwa ambiri a ife tinataya abale. Anthu oposa 1,000 anafa kwathu mu Malichi 2023, ndipo amene anaona matope akutsika m'phiri la Soche kulowa mu Chilobwe sangaiwale. Pa tsoka lotere mtima umafuna wina woti umuloze chala. Mphekeserayi ili ndi kamuzu kake: kuyambira 1967 mpaka 1972 asilikali a America ankawaza mankhwala m'mitambo mwachinsinsi ku Vietnam ndi Laos kuti mvula iwonjezeke, misewu ya adani iterere. Zitaululika, mayiko anasayina mu 1977 pangano loletsa kugwiritsa ntchito nyengo ngati chida. Koma kuwaza mtambo kumangofinya pang'ono mtambo umene ulipo kale. Dzina limene limatchulidwa kawirikawiri ndi HAARP, malo a tinsanja ta wailesi ku Gakona, Alaska, osiyana ndi HARP ya Bull ija. Anamangidwadi ndi ndalama za asilikali, ndipo kuyambira 2015 ali m'manja mwa yunivesite ya Alaska Fairbanks, imene imatsegulira alendo masiku ena. Mphamvu yake yonse ndi mamegawati 3.6. Kapichira yekha pa Shire amatulutsa pafupifupi 130. Mafunde akewo amalunjika kumtunda kopitirira makilomita 80, pomwe mvula ndi mphepo zimapangika pansi pa makilomita pafupifupi 15. Namondwe wamkulu amatulutsa mphamvu yoposa magetsi a dziko lonse lapansi kuwirikiza kambirimbiri, ndipo amaitenga ku madzi ofunda a m'nyanja. Freddy anabadwira kufupi ndi Australia kumayambiriro kwa Febuluwale 2023, anawoloka nyanja yonse ya Indian, nakhala masiku 36, nthawi yaitali kuposa namondwe wina aliyense wolembedwa m'mabuku a bungwe la zanyengo la dziko lonse. Masiku onsewo masetilaiti a mayiko osiyanasiyana, ena odana okhaokha, ankamujambula, ndipo machenjezo amene anamveka pa wailesi kwathu anachokera ku zithunzi zimenezo.

Popeza ntchito yanu imakupatsani thambo usiku wonse, mukhoza kumadziyesera nokha. Chothwanimathwanima mofiira ndi mobiriwira ndi ndege yopita ku OR Tambo. Kadontho koyenda mosalekeza kosathwanima, madzulo kutangoda kapena m'bandakucha, ndi setilaiti, ndipo kakazimiririka pakati pa thambo ndiye kuti kalowa mumthunzi wa dziko. Chowala kwambiri kuposa nyenyezi zonse, chodutsa kwa mphindi zingapo, kawirikawiri chimakhala International Space Station. Pa mapulogalamu a pafoni monga Heavens-Above kapena Stellarium mukaika malo anu mudzaona nthawi yake pasadakhale. Muuzeni mnzanuyo kuti nthawi yakutiyakuti ayang'ane chakuti, muone nkhope yake chikatulukira. Mukadzaona chamoto choyenda pang'onopang'ono chikuyoyoka, chimenecho ndi chitsulo chakale chikubwerera. Zina zimafika pansi, monga thanki ya roketi ya Delta II imene inagwera kufupi ndi Cape Town mu Epulo 2000, kapena chimkombero cholemera pafupifupi makilogalamu 500 chimene chinagwera m'mudzi wa Mukuku ku Kenya mu Disembala 2024. Zoterezi musazigwire kapena kuthamangira nazo kwa ogula zitsulo, chifukwa mafuta ena a maroketi ndi poizoni.

Ndipo tsiku lina muli pa ofu, kwerani Gautrain pa Rhodesfield, musinthe pa Marlboro, mutsike ku Centurion, mufunse njira ya ku Swartkop, kumalo osungirako zakale a asilikali a m'ndege. RSA-3 ija ili kumeneko. Ine ndinapitako ndi ana anga a sukulu, ndipo mnyamata wina, makolo ake a ku Nkhata Bay, anaizungulira kawiri n'kundifunsa kuti woyendetsa ankakhala pati. Mutengane ndi mnzanuyo, ndipo muyambe mwafunsa masiku amene amatsegula.